Katani ya a Ndafika

Dzina lawo lenileni lili pa chitupa, koma pa yunivesite ponse timawatcha a Ndafika. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse amaima pakhomo la ofesi, kupukuta nsapato pa chiguduli, n'kulengeza kuti afika, ngakhale mkatimo mulibe munthu. Ine ndimasunga makiyi a nyumbayo, choncho kawirikawiri wowamva ndine.

Ntchito yawo ndi kutayipa makalata: oitanira anthu kumisonkhano, okweza pantchito, ndi ochenjeza ophwanya malamulo. Ochenjezawa amawatayipa pang'onopang'ono, akupukusa mutu. Iwo sanalandirepo ngakhale imodzi, ndipo kwatsala chaka kuti apume. Amati akufuna kuchoka fayilo yawo ili mbee ngati kolala ya malaya awo.

Ndiye kunabwera lamulo latsopano. Madesiki anachepa, choncho aliyense wa mu ofesi azigwirira ntchito kunyumba masiku awiri pa sabata. Wopezeka kunyumba tsiku la kuofesi, kapena kuofesi tsiku la kunyumba, alandira kalata. Lamulolo anatayipa okha. Desiki yawo ya pawindo, Lachiwiri ndi Lachinayi, anaipereka kwa mphunzitsi wina watsopano. Anzawo anatsala pang'ono kuvina. A Ndafika ananyamula laputopu ngati mwana wa eni, ulendo kwawo.

Akazi awo amasoka zovala pabalaza. Kwa mayiwo, mwamuna amene ali pakhomo dzuwa lili pamutu ndiye kuti ali pa tchuthi. Mawu awo anali amodzi: "Poti muli pompano, abambo." Poti muli pompano gwirani nsonga ya nsalu iyi. Poti muli pompano onani amene akugogoda. Tsiku lina anawaveka diresi losatha kusoka, chifukwa msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa kasitomala. Anaima pampando manja ali tambalale, mapini m'chiuno, foni ya abwana ikulira patebulo.

Sabata yachitatu, Lachiwiri, ndinawaona a Ndafika akulowera khomo la kumbuyo monyang'ama. Nsapato sanapukute, mawu ajanso sananene. M'khwapa munali katani ya maluwa ya pabalaza pawo. Anandinong'oneza kuti, achimwene, kiyi ya chipinda cha mafayilo akale ija ilipo? Ndinawapatsa.

Anakoloweka kataniyo pa mashelefu, n'kukhala patsogolo pake. Pa misonkhano ya pakompyuta aliyense ankaona maluwawo, ena mpaka kuyamikira kuti kwawo n'kosamalika. Makalata ankatuluka msanga kuposa kale. Inatha miyezi iwiri. Chifuwa cha fumbi ankati ndi nyengo.

Chinawagwiritsa ndi makina otchetchera kapinga. Abwana athu ndi mayi wa magalasi a chingwe, wosalankhula kawiri. Lachinayi lina msonkhano uli mkati, makinawo anadutsa pansi pa mawindo. Mayiwo anamva phokoso kuchokera panja, n'kulimvanso kuchokera mu kompyuta. Anafunsa a Ndafika ngati kwawo kulinso kapinga wotere. Iwo anati ndi aneba. Pomwepo makina anazima, wotchetcha anayetsemula, ndipo aneba nawonso anayetsemula.

Abwana anadzuka, laputopu ili m'manja, n'kutsika masitepe. Anandifunsa chipinda chimene kiyi yake palibe pa msomali. Ndinaloza. Ntchito yanga ndi makiyi.

Atatsegula, anapeza a Ndafika ali chilili, tayi ali bwinobwino, katani kumbuyo, kapu ya tiyi pamwamba pa mafayilo a anthu amene anapuma kalekale. Abwana anati pazaka zawo zonse agwirapo ambiri othawa ntchito, koma wothawira kuntchito n'koyamba.

"Lamulo mukulidziwa, bambo. Munatayipa nokha."

A Ndafika anakhala pansi osatsutsa. Anatsegula kalata yochenjeza, analemba tsiku, kenako dzina lawo. Sanalakwitse chilembo. Abwana anaima kumbuyo kwawo akuwerenga, n'kufunsa chimene chikuwathamangitsa kwawo. A Ndafika anafotokoza zonse: makina osokera, ogogoda pageti, ndi diresi lija. Pa diresipo mayiwo anatembenukira ku mashelefu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, mpaka magalasi anagwera pachifuwa.

Atapukuta maso anati lamulolo linabwera kuti desiki ipezeke, ndipo desiki yapezeka. Anawauza afufute kalatayo, atsegule fomu imene aliyense amalembapo malo ogwirirako ntchito masiku awiriwo.

"Lembani kuti chipinda cha mafayilo akale. Ndisayina. Koma katani ya eni ibwerere lero."

Kataniyo akazi awo anali ataifunafuna miyezi iwiri, mpaka kukayikira mlamu wawo. Zimene zinakambidwa pabalaza madzulo amenewo sindinazimve. Ndinangoona kuti Lachiwiri lotsatira a Ndafika anabwera ndi katani ina, yosokedwa molingana ndi mashelefu, ndiponso thumba la malaya ofunika kusokerera mabatani pa nthawi yopuma, poti ali kumeneko.

Analowera khomo la kutsogolo. Pakhomo la chipinda cha mafayilo palibe chiguduli, koma anapukutabe nsapato pa simenti, anakhosomola, n'kuuza mafayilo aja kuti afika.