Makhololo a Apongozi

Ndinkagwira ntchito mu labu ya kachipatala kena ku Sinda pamene tidalandira maikulosikopu yoonera mu mdima. Tinkapaka makhololo a wodwala pa kagalasi, kuthira utoto wachikasu, kenako kuunika ndi kuwala kwa buluu. Mukakhala tizilombo ta TB, timayaka ngati ziphaniphani. Mukapanda, mumangoti bii.

Chaka chomwecho apongozi anga, mayi a mkazi wanga, adayamba kutsokomola kwawo ku Vubwi atangokumba mtedza. Adaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Titawatengera kwathu, kabotolo kolavuliramo ndidapatsira mkazi wanga, poti mkamwini sapatsana zinthu pamanja ndi apongozi. Ife tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana pansi.

Kabotolo kadabwera ndi malovu oyera mbee. Ndidaunika, mdima wokhawokha. Kachiwiri, malovu omwewo. Ndidapsa mtima, chifukwa chifuwa chija ndinkachimva m'mawa uliwonse kudutsa khoma, ndipo tizilombo tisanaoneke mankhwala sakadayambika msanga.

"Akuti sangapereke zonyansa kwa mwamuna wa mwana wawo," adatero mkazi wanga. "Amakalavulira kuseri kwa bafa, n'kufotsera ndi phazi."

Ndidakakhala pa khomo la chipinda chawo nditafulatira, n'kumalankhula ndi khoma.

"Amama, makina aja sadziwa ulemu. Malovu aukhondowa adzakuphetsani."

"Nanga mukaziona zimenezo, mudzandiyang'ana bwanji?" adafunsa ali m'katimo.

"Ine ndidakuyang'ananipo liti, amama?"

Adaseka, kusekako kudasanduka chifuwa, ndipo ndidamva akutsegula kabotolo.

Masana omwewo, m'kachipinda ka mdima ku labu, kagalasi konse kadayaka. Sindidasangalalepo ndi chinthu choipa ngati tsiku limenelo. Kenako chisoni chidandigwira poona kuchuluka kwa tizilomboto, ndi kuganiza kuti zonsezi ankazifotsera pofuna kundilemekeza ine.

Mankhwala adamwa mokhulupirika, n'kubwerera kumunda kwawo. Mwezi wathawu tidakumana pa kanjira ka kudimba ku Vubwi. Ine amene ndidaona za m'chifuwa mwawo ndidayang'ana pansi, iwo adapatukira mu udzu atafulatira monga mwa kale. Moni wawo udali wautali, wofunsa mwana aliyense ndi dzina lake. Ndinkayankha mochedwa dala kuti ndimvetsere bwino, ndipo mpaka adamaliza osatsokomola.