Mpiringidzo wa Galimoto ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi pamene atate anandipatsa udindo umene ndinkadana nawo kuposa kukwecha mapoto. Munali m'zaka za m'ma 1990, tikukhala pafupi ndi Nkwali, kumene atate ankayendetsa galimoto pa kampu ina ya alendo odzaona nyama. Kampuyo itatopa ndi galimoto yake ina yakalekale, atate anaigula n'kumaikonza pansi pa mtengo wa mango kwa miyezi ingapo mpaka tsiku lina inalira. Ife ana tinaitcha Mvuu, chifukwa inkabuula ngati mvuu ya mu Luangwa, ndipo liwiro silinali mbali yake.

Kutsogolo kunali mipando iwiri, wa atate ndi wa amayi, amene ankafukata khanda lathu, Misozi. Kumbuyo kunali mabenchi awiri oyang'anizana, opanda malamba, ndi chitseko chimodzi kumapeto kwenikweni kwa galimoto. Chitseko chimenecho ndicho chinali ndi matenda. Loko wake anali wotha, moti Mvuu ikagwera m'dzenje chinkangotseguka chokha popanda wochikhudza.

Atate anali munthu wa dongosolo. Kuntchito sankaliza injini mlendo aliyense asanakhale pansi, ndiye nafenso ankatikhazika ngati alendo awo aja. Yotamu, mlongo wanga wa zaka zinayi, ankakhala pakona kuseri kwa mpando wa atate. Lute, mng'ono wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, pakona inayo kuseri kwa amayi. Ine malo anga anali ku chitseko, nditatambasula miyendo kuchoka pa benchi langa kukafika pa benchi linalo, dzanja lili pa chogwirira, kuti kamwana kalikonse kofuna kusendera ku chitseko kayambe kagunda ine.

"Esinati ndiye mpiringidzo wanga," ankatero atate, akumwetulira. Ankatanthauza mtengo uja timapingasa kuseri kwa chitseko cha nyumba kuti fisi asakankhe n'kulowa. Iwo ankanena monyadira, koma ine ndinkamva ngati akunditukwana. Dzinalo linafika mpaka kusukulu. Choipa kwambiri chinali fumbi, chifukwa lonse la m'chigwa chathu linkalowera pa mpata wa chitsekocho n'kudzathera pa ine. Tikafika ku tchalitchi ena onse ankatsika oyera bwino, ine ndili psuu ngati ndagona pachulu, nsidze zomwe zitafiira.

Ndinapirira mpaka mwezi wa Ogasiti wa chaka chimenecho, pamene azakhali, mlongo wawo wa atate, ankakwatiwa ku Msoro. Anandisankha kukhala mmodzi wa atsikana oyenda patsogolo pa mkwatibwi, ndipo telala wa ku Mambwe anandisokera diresi loyera lokhala ndi timaluwa pakhosi. Amayi anati ndikavalire komweko, ine ndinalira mpaka anandilola kuvaliratu. Mtima wa mwana, inu! Ndinkafuna kuti aliyense wa m'njira aone.

Ukwati unali wa teni koloko, ndipo ife tinanyamuka mochedwa chifukwa tayala linapezeka litaphwa m'mawa. Amayi ankangoyang'ana dzuwa.

"Atate ake Esinati, taimu yatha. Tikapeza anthu akudya."

"Tifika, make Esinati, tifika," ankayankha atate, koma ndinkaona kuti nawonso mtima suli m'malo. Ndiwo anali oti akapereke mlongo wawo m'tchalitchi.

Titayenda ndithu m'nkhalango ya mitengo ya tsanya, Mvuu inatentha n'kuyamba kufuka nthunzi. Tinaima pa mudzi wina pamene panali mabelo a thonje ataunjikidwa m'mbali mwa msewu. Atate anatenga chigubu kukapempha madzi, amayi anapita pamthunzi kukayamwitsa. Ine ndinadziyang'ana. Diresi lija linali litayamba kale kusanduka la mtundu wa chikasu, ndipo ulendo unali udakali wautali. Misozi ya mkwiyo inalengeza m'maso. Kenako ndinayang'ana Yotamu, ali phee pakona pake popanda fumbi, ndipo Satana anandinong'oneza.

"Yotamu, ukudziwa kuti njovu zimaonekera pa windo la ku chitseko kuno? Ine ndaona zitatu."

"Bodza, asisi!"

"Zoona. Ina inali ndi kamwana. Bwera ukhale pano, lero mpiringidzo ndiwe."

Mwanayo anabwera chothamanga, chimwemwe chili tsaya ndi tsaya. Anayesa kutambasula timiyendo take monga ndinkachitira ine, koma sitinafike ngakhale pakati. Lute anatsegula pakamwa kuti anene, ine ndinamutsina pantchafu mpaka anatseka. Ndinakakhala pakona ya Yotamu n'kudzipinda kuti ndisaoneke. Atate anathira madzi, amayi anakwera, ndipo tinanyamuka.

Kunena zoona, ndinamva kukoma. Mphepo inkandipeza yoyera, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene ndikayendere m'tchalitchi. Yotamu anali atagwada pa benchi, mphumi ili pa galasi la chitseko, thupi lonse atalitsamiritsa pamenepo, akufunafuna njovu zanga zabodza. Ndinaona, koma ndinati m'mtima, patsala pang'ono tifika.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinafika pa mtsinje wina wouma, wa mchenga wokhawokha, wokhala ndi chitunda chachitali tsidya linalo. Mvuu inali ndi chizolowezi chake pa malo otere. Chitunda chikailaka, atate ankaisiya kuti ibwerere chambuyo mpaka pamchenga, kenako n'kuyambanso ndi mphamvu. Tsiku limenelo tinawoloka mchenga, n'kuyamba kukwera, ndipo pakati pa chitunda tayala linagunda mwala. Ndinangomva kuti phwa! Chitseko chinali pululu, ndipo pamene panali Yotamu panalibe munthu.

Atate sanamve kanthu chifukwa cha kubuula kwa injini. Mvuu inayamba kufooka, kutsokomola, n'kuima. Ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinasuzumira ndi kumuona mlongo wanga ali chafufumimba pa chitundapo, ndendende m'njira ya tayala lakumbuyo. Galimoto inayamba kusendera chambuyo pang'onopang'ono. Pamenepo ndinamenya atate paphewa ndi zibakera zonse ziwiri, ine amene ndinali ndisanawakhudzepo chikhalire.

"Imani! Atate imani! Yotamu wagwa!"

Anaponda buleki mpaka tonse tinagundana. Koma buleki ya pamanja ya Mvuu inali ya dzina lokha, ndiye atate sakanatha kuchotsa phazi kuti atsike. Ya kuphaziyonso inkagwira monyinyirika, ndipo matayala ankatsetsereka pa timiyala. Amayi anali kukuwa, "Mayo ine, mwana wanga!" uku akulimbana ndi chitseko chawo, khanda lili m'manja.

"Esinati, tsika!" anafuula atate. "Mukokere kumbali! Msanga!"

Sindikumbukira kuti ndinalumpha bwanji. Ndikukumbukira kutentha kwa utsi wa galimoto pamiyendo, ndi tayala lalikulu lija lili pafupi moti ndikanatha kuligwira. Ndinamugwira Yotamu kolala ya shati n'kumukoka ngati thumba la chimanga, tonse n'kugubudukira m'zitsamba.

"Wamuchotsa?"

"Ndamuchotsa!"

"Iwenso wachoka?"

"Ndachoka, atate!"

Mvuu inabwerera chambuyo mpaka pamchenga. Nsapato imodzi ya Yotamu inatsala panjira, ndipo tayala linaiponda n'kuisiya yophwatalala ngati chikondamoyo. Amayi ataiona anakhala pansi pomwepo.

Yotamu anayamba kulira atate atamunyamula, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. M'kamwa munali mchenga, pamphumi panali bala, ndipo mkono wakumanzere unali lende. Atate anaumanga ndi nsalu ya amayi. Anamanga chitseko ndi waya, natikhazika tonse atatu kufupi ndi mipando yakutsogolo, amayi ndi khanda n'kukhala nafe kumbuyoko. Palibe anafunsa kuti mwanayo anapezeka bwanji ku chitseko. Kusafunsako kunandipweteka kuposa mbama.

Ku tchalitchi sitinapite. Tinalunjika ku chipatala cha pa mishoni, kumene anati fupa lathyoka koma lidzalumikizika, ndipo anamuika chikhakha. Azakhali anaperekedwa ndi munthu wina. Nthungululu za ukwati tinkazimvera patali, ine nditakhala pakhonde la chipatala, diresi lija lili magazi ndi minga.

Chakumasana ndinaona atate atakhala okha pa muzu wa mtengo, chipewa chili pabondo. Anthu odutsa ankawapatsa moni wa mwaswera bwanji, iwo ankangogwedeza mutu. Kwathu mwana akalakwa kwambiri ankathyola yekha kamtengo komukwapulira. Ndinathyola kanga, kosankha bwino kosathyoka msanga, ndinapita n'kugwada patsogolo pawo.

"Atate, ndine ndinamusinthitsa malo. Ndinamunamiza za njovu. Ndinkaopa fumbi."

Analandira kamtengoko n'kukaika pansi.

"Dzuka, khala apa," anatero. Nditakhala, anapitiriza ndi mawu otsika. "Ndikudziwa, mwanawe. Ndinakuonani pa galasi loonera kumbuyo titangonyamuka pa mudzi wa thonje uja. Ndinamuona Yotamu ali ku chitseko. Ndinati ndikaima kuti ndikukhazikeni bwino, injini izima, tichedwanso. Ndinati tikawoloka mtsinje ndiima."

Ndinawayang'ana kumaso, chinthu chimene mwana wa kwathu sankachita. Maso awo anali ofiira.

"Alendo a ku kampu sindingayende nawo ngakhale mtunda wa apa ndi apo chitseko chili chotere. Koma ana anga ndayenda nawo chaka chathunthu, ntchito ya chitsulo nditapatsa mwana. Iwe walakwa kunama, usadzabwerezenso. Koma mkono wa Yotamu ndathyola ndine. Wamva? Usautenge, si katundu wako."

Ndinalira kwambiri, kuposa mmene ndikanalirira akanandikwapula. Iwo anangoika dzanja pamutu panga mpaka ndinatonthola.

Titabwerera kwathu Mvuu inakhala pansi pa mango pafupifupi miyezi iwiri. Ku tchalitchi tinkapita wapansi, dzuwa la m'chigwa likutiwotcha, anthu akutiseka kuti eni galimoto ayamba kudya fumbi la njinga. Atate sanalabadire. Anapeza loko wina, anakonza mabuleki onse awiri, ndipo anapempha malamba a m'magalimoto akufa a ku kampu n'kuwamangirira pa mabenchi ndi mabawuti, lamba mmodzi mwana mmodzi. Sanalizenso injini asanazungulire n'kukoka lamba aliyense ndi dzanja lawo, ngakhale amayi atanena za taimu kangati.

Lero ndili ndi ana anga atatu, ndipo amadziwa kuti kiyi satembenuka aliyense asanamangidwe pa mpando wa msinkhu wake. Wamkulu sindimuuza kuti agwire mng'ono wake. Akhoza kulira, tikhoza kuchedwa ku ukwati kapena ku maliro, ine ndimangokhala phee mpaka ndimve kulira kwa malamba onse. Zimenezo n'zosavuta kuphunzira.

Chimene ndinachedwa kumvetsa ndi china. Panalibe munthu wina aliyense amene ankadziwa zimene atate anaona pa galasi lija. Akanakhala chete, mlandu wonse ukanakhala wanga, ine ndikanauvomera, amayi akanauvomera, ndipo ndikanakula ndikudziona ngati mtsikana amene anatsala pang'ono kuphetsa mlongo wake chifukwa cha diresi. Mwamuna wamkulu, wolemekezeka pa ntchito yake, anasankha kudzitsitsa pamaso pa kamwana ka zaka khumi kuti kasakule ndi mtolo umenewo. Atate anatisiya kalekale, ndipo ndinazindikira kukula kwa zimene anandichitira iwo atapita kale. Sindinawathokoze.