Mkamwini wochira popanda chipsera

Lachiwiri ndinapita ku Chifunga kukazonda msuweni wanga Fanuwelo. Ndinamupeza atakwiya chifukwa chochira.

Fanuwelo ndi mkamwini. Kwa nthawi yaitali mwendo unkamuwawa mkati mwa fupa, koma kunja osatupa, bala osaoneka. Akamwa asipirini ululu unkayamba waleka. Apongozi ake aakazi anagamula okha mlandu: matenda othawa asipirini ndi ulesi basi, munthuyu akuopa khasu. Nkhani inafika kwa ankhoswe, banja n'kuyamba kugwedezeka.

Atamutumiza kuchipatala chachikulu mumzinda, anamujambula n'kupeza kachotupa m'fupa, koma osati khansa. Fanuwelo anakondwa. Ankati abwerako ndi chipsera chachitali ngati zipi ya thalauza, apongozi asowe poyang'ana.

Ayi ndithu! Madokotala anangolowetsa singano mpaka pafupa, n'kuwotcha kachotupako, n'kumata kapulasitala. M'mawa mwake anatuluka akuyenda yekha. Papita milungu tsopano, ndipo pamwendopo pangotsala kadontho.

Ine ndili pomwepo, apongozi anawerama n'kupayang'anitsitsa.

"Opaleshoni yake ndi imeneyi, eti? Ine minga ya kudimba inandibaya kuposa apa."

Ndinaseka, sindinama. Koma pobwerera zinandiwawa.

Kodi ife timakhulupirira munthu kapena bala? Wodwala amene timamukonda ndi wa bandeji, wa ndodo, wogona m'chipatala mwezi wathunthu kuti tikamuone titanyamula nthochi. Akatipatsa mapiritsi m'malo mwa jekeseni timati adokotala atipeputsa. Anthu aphunzira zaka ndi zaka kuti asamatichekecheke, ife tikudandaula kuti sanaticheke mokwanira.

Pondiperekeza kumsewu, Fanuwelo anandinong'oneza, nkhope ili gwa:

"Asuweni, akanangondicheka pang'ono pokha, kuti anthu aone."

Tamvani zimenezo! Munthu wamkulu, wa ana atatu, kusirira mpeni kuti asamuthamangitse pamudzi.

Dzulo mkazi wake anandiimbira foni. Akuti ululu unatheratu, bambo akugona tulo, ndipo kumunda akuunda mizere mosayang'ana m'mbuyo. Ndinati zikomo, ndiye nkhani yatha. Anati ayi, ndiye yakula. Mayi ake akuyenda khomo ndi khomo:

"Mwamuona mmene akulimira? Ndinkanena ine kuti munthuyu sankadwala!"

Ndiye Fanuwelo atani, abale? Adwalenso?