Ndowa ya Che Yusufu yafera mu laputopu yanga

Pali munthu pano pa Mangochi wandidyera K8,000 kuti aitseke pakamwa laputopu yanga pomwe inkakuwa kuti ikufa. Dzina sinditchula. Shopu yake ili kuseri kwa depoti, pakhomo anadzilembera yekha kuti injiniya. Injiniya wa chiyani, wa mandasi?

Amene simundidziwa, ine ndimajambula mavidiyo a maukwati. Kamera imodzi, memori kadi imodzi, laputopu imodzi ya pa kaunjika. Ofesi yonse ndi imeneyo.

Sabata yatha laputopu inayamba kulira mkati, tche, tche, tche, ngati mwalowa nkhululu. Kuti vidiyo itseguke, tiyi mpaka kuzizira. Kenako poyatsa inayamba kulemba uthenga wachizungu. Ine sukulu ndinaisiyira Sitandade 7, koma m'menemo munali liwu limodzi lomwe aphunzitsi ankandilembera teremu iliyonse. Kulephera. Limenelo sindingaliphonye.

Lolemba, 9:20 m'mawa, ndili pa shopu. Abwana ali pa bawo. Ndinadikira mpaka 10:05 kuti amalize kudyedwa. Atabwera, phokosolo sanalimvetsere n'komwe. Akuti ndi fumbi. Anaipopa mphepo, kudinadina mabatani, kuyatsanso, uthenga uja osaonekanso.

Ndinafunsa kuti nanga kuliraku?

Akuti, "Aise, injini ya boti ikamalira umati yafa? Ili pa ntchito imeneyo."

Ndinafunsanso ngati ndigule hadi disiki ina. Anaseka. Akuti disiki imeneyi idzakuika m'manda ndi iweyo, iyo n'kutsala.

Loweruka ndinali ku Namwera, ku ndowa ya Che Yusufu, ukwati wa Chisilamu. Tamverani bwino apa. Che Yusufu ali ku Joni, chaka chachitatu. Mapepala awo sali bwino, akangobwera ndiye kuti sabwereranso. Ndiye pamaso pa ashehe anawaimirira ndi akulu awo. Munthu kukwatira iye kulibe. Anandiimbira katatu: "Achimwene, jambulani zonse, kuyambira mbuzi isanaphedwe. Ukwati wanga ndidzauonera kwa inu."

Ndinajambula maola sikisi. Ashehe, miphika ya mpunga, azimayi akuvina, mayi a Che Yusufu akulira, mkwatibwi Asiyatu ali pakati pa anzake. Kufika kunyumba ndinakopera zonse mu laputopu, kadi n'kufufuta, chifukwa Lamulungu ndinali ndi chinkhoswe ku Malindi. Eya, pamenepo ndi uchitsiru wanga, musavutike kundiuza m'makomenti. Koma anandiuza kuti disiki ili bwino ndani?

Lachiwiri m'mawa ndayatsa. Tche, tche, tche. Sikirini bii.

Ndinabwerera kwa injiniya uja. Poyamba akuti ndinaigwetsa pa kabaza. Kenako akuti ndi kutentha kwa Mangochi. Kodi Mangochi yayamba kutentha Lachiwiri? Kenako akuti usadandaule, pali njira ya akatswiri. Anachotsa disiki, kuikulunga mu jumbo, kukaiika mu filiji ya mayi wogulitsa nsomba pafupi pomwepo. Wallahi sindikunama. Ukwati wa munthu unagona maola awiri pakati pa chambo ndi kampango. Ataibweza inalira kawiri, n'kukhala chete. Akuti apa ndiye ndi za Mulungu. Ndipo osachita manyazi, akuti ndiwonjezere K5,000 ya filiji.

Zomwe ndinayankha sindilemba, pano pali akuluakulu. A pa depoti anamva.

Mwamwayi panali madamu ena, aphunzitsi a makompyuta ku sekondale, omwe anabwera kudzasindikiza mapepala. Anandikokera pambali, kuyatsa laputopu, kulowa m'masetingi a mkati. Akuti taona apa. Disiki imadziyeza yokha. Ikaona kuti yayamba kuola, imachenjeza. Uthenga uja unkati chotsa zinthu zako msanga. Injiniya wathu sanakonze kalikonse, anangothimitsa chenjezolo. Akuti Lolemba lomwe lija ndikanangokopera zinthu kwina n'kugula disiki ina, nkhani ikanathera pomwepo.

Ndinawatembenukira abwana aja kuti munathimitsiranji? Akuti makasitomala sakonda kuona mauthenga otere, amachita mantha. Mwamva? Mwana akulira ndi malungo, dokotala n'kumumata pakamwa, akuti wachira.

Ndiye inu anzanga obena nyimbo pa msika, ojambula, a mafotokope, imvani zomwe madamu aja anandiuza ulere. Kompyuta ikayamba kulira tche tche, kuchedwa, mafayilo kukana kutseguka, choyamba kopera zinthu zako kwina. Kukonzetsa pambuyo. Pali kapulogalamu kaulere kamene kamaonetsa thanzi la disiki. Kakati ili bwino, pitiriza. Kakaonetsa chikasu, yamba kusamuka. Kakafiira, thamanga. Uzikayang'ana sabata iliyonse, osadikira kulira. Ndipo wina akakuchotsera chenjezo mu mphindi ziwiri, mufunse kuti wakonza chiyani kwenikweni.

Achibale a Che Yusufu anapempha ashehe kuti abwereze mwambo tijambulenso. Anakana, akuti ndowa si sewero. Sanalakwe. Zithunzi za m'mafoni a anthu zilipo zingapo, koma zambiri ndi za mbale za mpunga.

Dzulo masana Che Yusufu anaimba. Ndinawauza zonse, osabisa ngakhale za kadi. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa. Sananditukwane. Kenako akuti, "Chabwino. Inu munalipo. Atamuuza Asiyatu kuti ndowa yamangidwa, anatani? Anaseka?"

Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba mphindi 40, ndikumufotokozera mwamuna mnzanga ukwati wake womwe ndi pakamwa. Ndinayankha chilichonse. Funso limodzi lokha ndiye linandikanika, loti zatheka bwanji.

Limenelo ndi lanu, a injiniya. Mawa 8 koloko ndili pakhomo panu, foni ili m'manja. Ikalira, muyankha nokha.