Chingwe cha Mfundo Zinayi

Amuna anga anali a kumpoto, kumapiri kupitirira Rumphi. Anabwera ku Lilongwe ndi lole ya boma, nthawi imene likulu linayamba kusamuka kuchoka ku Zomba. Ntchito yawo inali kututa matebulo, makabati ndi mitolo ya mapepala, kukatsitsa kumaofesi atsopano, kumene ife tinkadziwa ngati tchire lokumba mbewa. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pafupi ndi depoti ya mabasi ku Old Town. Tsiku lililonse ankagula ziwiri, n'kudandaula kuti mchere wachepa, mawa n'kubweranso.

Atafuna kundikwatira, abale awo anafika kwa amalume kumudzi kwathu, njira ya ku Mitundu, akukoka ng'ombe yaikazi. Kwathu ukwati sulowa ndi ng'ombe. Mwamuna amabwera ndi nkhuku, amalima munda wa apongozi, ndipo ana amakhala a kwa mayi. Amalume anaiona ng'ombeyo ngati mphatso.

"Anthu a kumpoto ndi aulemu," anatero, akuisisita pamsana.

Palibe amene anafunsa kuti ng'ombeyo ikutanthauza chiyani, ndipo eni akewo sanaone chifukwa chofotokozera chinthu chimene kwawo ngakhale mwana amadziwa. Chaka chotsatira inadyedwa pamaliro a agogo.

Tinkakhala ku Kawale, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Tinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Zaka zinkapita koma kusamuka kwa likulu sikunkatha, amuna anga anali pamsewu basi. Mwana ali ndi zaka zinayi, bambo ake anadwala chifuwa masabata atatu, n'kutisiya.

Anthu a kumpoto saika munthu wawo kuchilendo. Boma linapereka lole, yomwe ija ankayendetsa. Tinayenda masiku awiri, ine nditakhala pambali pa bokosi, mwana ali pamiyendo, fumbi likulowa mpaka m'mano. Titaika maliro ndi kumeta, alamu anga, akulu awo a malemu, anandiitanira pakhonde.

"Mlamu, mukafuna kukhala, nyumba ilipo. Mukafuna kupita, msewu ndi uwo. Koma mwana ndi wa pano."

Ndinati kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake.

"Nanga ng'ombe ija munadya ya chiyani? Ife tinalowola."

M'mawa umenewo apongozi anga anali atapita naye mwana kumunda. Dalaivala ankaliza hutala, chifukwa lole inkafunika kuntchito. Ndinakwera. Mumtima ndinkati ndikatenge amalume, tibwere tidzakambe ngati akuluakulu. Ndakhala ndikudzifunsa za kukwera kumeneko moyo wanga wonse, ndipo yankho lake ndilibe.

Amalume anamva nkhani yonse atazolika. Kenako anati, "Kumene kuja n'kutali, mwana wanga. Ng'ombeyonso tiitenga kuti? Ukadali wamng'ono, udzabereka wina." Nkhaniyo sindinapitenso nayo kwa iwo.

Mayi wina wa kutchalitchi anandipezera ntchito ya m'nyumba ku Area 12. Nyumba zake zinali zatsopano, mabwalo aakulu, mitengo ikadali yofika m'chiuno. Abwana anga anali mayi wa ku ofesi ya welofeya, yoona za amasiye, olumala ndi okalamba. Anali atangosamuka kumene ku Zomba, mabokosi ena asanamasule. Nditamva akulankhula Chitumbuka ndi ana awo, ndinatseka pakamwa. Miyezi isanu ndinachapa, kusita ndi kukolopa osanena kuti ndili ndi mwana.

Ntchito imene anapatsidwa inali yoyambitsa maofesi a welofeya kumaboma akutali a kumpoto. Ankachoka pa Landirova itadzaza mabulangete ndi ndodo za olumala, n'kukhala masabata atatu. Pobwera ankatsika ngati nkhalamba, mapazi atatupa, tsitsi lofiira ndi fumbi. Ndinkawatenthetsera madzi m'beseni, iwo n'kumalankhula okha, maso ali chitsinzinire.

"Kuno akufuna mapepala, uko akufuna mabulangete. Boma lathunthu la kumapiri kuja, wa welofeya ndi bambo mmodzi wa njinga! Kabati yake ikadali ku Zomba, mafayilo amasunga m'katoni ya sopo."

Tsiku lina ndikuwathandiza kumanga mitolo m'galaja, ndinafunsa ngati galimoto imadutsa kumudzi wakutiwakuti. Anandiyang'ana.

"Mudziwo mwaudziwa bwanji, amayi?"

Ndinafotokoza zonse, chingwe chomangira chili m'manja. Anakhala pa mtolo wa mabulangete n'kumva mpaka pamapeto. Mawa lake ananditengera kuofesi kwawo ku City Centre, kumene ndinafotokozanso kwa kalaliki. Fayilo ya nkhani yanga inatumizidwa ku Zomba, chifukwa oona za ana anali asanasamuke. Iwo posamuka, fayilo inatsala. Ndinafotokoza kachitatu, ndipo ulendo umenewu misozi sinatuluke. Ndinkangonena ngati ndikuwerenga zovala zochapa.

Ine ndinkayesa kuti boma likalemba, limapita kukatenga. Mayi aja anandiuza zoona tili kukhitchini.

"Kumulanda ndingathe. Ndipite ndi apolisi, sabata yamawa mwana ali pano. Koma bambo wa njinga uja sadzalowanso m'mudzi uliwonse kumapiri kuja. Adzati a welofeya ndi olanda ana, ndipo amasiye onse adzawabisa. Inenso ndinalowoledwa, amayi. Ng'ombe zanga ndi zimene zinaphunzitsa mlongo wanga. Anthu aja sakuona kuti alakwa."

"Ndiye wanga akhale nsembe ya ana a eni?"

Anati, "Tiyenda pang'onopang'ono. Ndi njira yokhayo imene ndikuidziwa."

Tsiku limenelo ndinasita malaya a amuna awo mpaka kolala inapsa. Sanandikalipire.

Bambo wa njingayo anali mphunzitsi wopuma ntchito, amene anamulemba kuti aziyendera midzi. Anayamba kupita kwa apongozi anga. Za kutenga mwana sankatchula. Ankapereka moni, kufunsa za maso a apongozi amene anali atayamba kuchita khungu, kusiya bulangete, n'kubwerera. Mvula ikagwa msewu unkaduka, ndipo miyezi inayi kunkakhala zii. Kalata yake ikafika, mayi aja ankandiwerengera, poti ine sukulu ndinalekera sitandade 2. Mwana ali bwino. Akudya. Alibe zilonda.

"Pepalali silikunena kuti wafika pati," ndinatero. "Ndikufuna ndimusokere diresi. Auzeni amuyeze ndi chingwe, amange mfundo pamene pafika mutu."

Sindinaganize, ndipo mayi aja ndi sukulu yawo yonse sanaganizenso. Bamboyo anakafika, n'kuimika mwana pakhoma, n'kutambasula chingwe cha khonje kuyambira kumapazi. Apongozi atamva zimene zikuchitika anakuwa mudzi wonse n'kusonkhana. Munthu amayezedwa chotero akamwalira, pofuna kukumba manda. Anati ine ndatuma munthu kudzatenga muyeso wa mwana kuti ndikapite nawo kwa sing'anga, poti ndamulephera wamoyo. Anamuthamangitsa bamboyo, njinga akuikankha, ndipo bulangete lija anamuponyera kumsana.

Nkhaniyi inandipeza ndikuthirira mbewu kuseri. Ndinakhala pansi pompo. Chaka chathunthu cha maulendo a munthu wamkulu uja ndinachiwononga ndi diresi.

Koma bamboyo anali wophunzitsa ana, ankadziwa kudikira. Anapita kwa aphunzitsi a kasukulu ka m'mudzimo, n'kunena kuti a welofeya akufuna kuona mmene ana onse akukulira. Anaimika ana m'mizere pabwalo, makolo akuonerera. Anayamba kudziyeza yekha, n'kunena kuti ngati chingwe chimapha, ayambe iyeyo, wakalamba kale. Anthu anaseka. Anayeza ana onse, aliyense chingwe chake, ndipo pakati pawo panali wanga, amene anamulembetsa sukulu tsiku lomwelo.

Chingwecho chinafika mu envulopu ya boma. Ndinachitambasula kuchipinda kwanga kuseri kwa nyumba, n'kuchiimika pathupi panga. Mfundo inafika pamchombo. Ndinamusiya akundifika m'ntchafu.

Chaka chilichonse mvula ikatha, chingwe chinkapita kumpoto m'chikwama cha mayi aja, n'kubwera ndi mfundo ina pamwamba. Ine ndinkagula nsalu kumsika wa ku Old Town, n'kusoka pamanja Lamulungu masana, chingwe chili pamwendo. Mkulu wina amene ankasamala maluwa panyumbapo ankandiseka.

"Mayi, mukulera chingwe? Chikakula chidzakutungirani madzi?"

"Inu mukulera maluwa a eni, mudzadyera nsima?"

"Ine amandilipira!"

"Ndiye thirirani, musandilowetse singano m'chala."

Mfundo zitakwana zinayi, mayi aja anati ndikonzeke, andilemba ngati wophika wa paulendo. Tinadutsa Kasungu, Mzimba, Rumphi. Panjira ankaima m'maofesi awo, tizipinda tobwereka kuseri kwa positi ofesi, anthu atakhala pansi panja kudikira kuyambira m'mawa. Wina anabwera atabereka mwana wamkulu wosayenda. Wina anabwera ndi adzukulu asanu. Mabulangete anatha tisanafike kumapiri. Pamenepo ndinaona kuti fayilo yanga inali imodzi m'katoni yodzaza.

Bambo wa njinga anatidikira pamene msewu unathera. Anali wamfupi, wa imvi, buluku atalimanga ndi mphira m'miyendo. Ndinagwada pomupatsa moni. Anati, "Ndinu amayi a chingwe? Munandithamangitsitsa ngati mbava ya nkhuku." Tinayenda wapansi maola awiri.

Mwana ndinamuona asanandione. Ankachokera kumadzi, ndowa ili pamutu, atavala diresi ya mfundo yachiwiri, yofika pamwamba pa mawondo. Zatsopano zija ankamusungira m'sutikesi, za kutchalitchi. Anatula ndowa, n'kugwada patali, n'kutipatsa moni tonse mofanana, monga mwana wolangizidwa bwino amachitira ndi alendo. Kenako anapita kukagwira dzanja la apongozi, n'kuwatsogolera pamphasa. Maso awo anali atatheratu.

Apongozi ankalankhula ndi bamboyo, mayi aja akunditanthauzira. Ine ndinati ndigwira ntchito, ndigula ng'ombe, ndibweza. Apongozi anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Akuti ng'ombe sakuifuna," anatero mayi aja motsitsa. "Akuti ng'ombe singawagwire dzanja. Akuti mwana wawo anapita ku Lilongwe pa lole, anabwera m'bokosi, ndiye apereke winanso?"

Ndinabwera ndi mkwiyo wa zaka zisanu, koma wokhala pamphasayo anali mayi woferedwa ngati ine ndemwe.

Bamboyo ndiye anatulutsa zimene anakhala akukonza nthawi yonseyi. Sukulu ya m'mudzimo inkalekera sitandade 6. Anati mwana amalize pamenepo, kenako akapitirize ku Lilongwe kwa mayi ake, ndipo tchuthi chilichonse chachikulu azibwera kudzasesa pamanda a bambo ake. Anati wapezanso mdzukulu wina wa kumudzi woyandikana woti adzakhale ndi apongozi. Alamu anakana mpaka dzuwa linapendeka, koma pomaliza anati sukulu sangaikanize, poti malemu ankaifuna.

Zinatanthauza zaka zina zitatu. Ndinayang'ana mayi aja kuti mwina anenapo kanthu. Anangonditambasulira pepala ndi inki. Ndinadinda chala.

Pochoka, mwana anatiperekeza mpaka kumtsinje, atatumidwa. Ndinamufunsa ngati akundidziwa. Bamboyo anamutanthauzira. Iye anayankha akuyang'ana pansi.

"Akuti ndinu amene mumasoka madiresi."

Chingwe sichinapitenso kumpoto, poti ndinali nditamuona ndi maso. Zaka zitatuzo zinakhala zitatu ndi theka, chifukwa mvula inakokolola mlatho. Mayi aja anali atawasamutsira kumpoto komweko kuti akayang'anire maofesi aja ali pafupi, ndipo ine ndinali nditapeza ntchito ina ku Area 47. Koma bambo wa njinga sanaiwale. Analemba kalata yonena tsiku, n'kumukweza basi pamodzi ndi mayi wina wa mpingo amene ankabwera kuno.

Ndinadikira padepoti, pafupi ndi pamene ndinkagulitsa zitumbuwa. Anatsika ndi sutikesi ija, wamtali, mapewa a bambo ake. Ananditcha amama, mwa kwawo. Miyezi yoyamba ankadya atatembenukira kukhoma, ndipo ndinkamumva akulira m'chinenero chimene sindinkatha kumutonthoza nacho. Tchuthi chikayandikira nkhope inkawala, ndipo ine ndinkamuperekeza kudepoti monga ndinadindira.

Tsiku lina akusesa anapeza chingwe chija pansi pa mphasa. Chichewa anali atayamba kuchigwira.

"Ichi ndikuchidziwa. Tsiku loyamba lija ndinathawira m'nthochi. Agogo anati mukufuna kundipha."

"Ndinkafuna kudziwa pamene wafika."

Anachitenga, n'kuponda nsonga yake ndi chala cha kuphazi, n'kuchikoka. Mfundo yachinayi inamufika pachifuwa. Pamwamba pake panatsala kachidutswa kosakwana chikhatho.

"Chafupika," anatero.

Ndinamuuza kuti achibwezere pamene anachipeza, amalize kusesa, madzi a tiyi awira.