Fodya wa Bilimankhwe

Amalume anali ndi kachitini ka fodya wa m'mphuno, kakuda ndi thukuta la m'manja, chivundikiro chake chopindika mbali imodzi. Ndikakakumbukira, mphuno zanga zimayabwa mpaka lero. Ine ndinakagwirapo kamodzi kokha, m'nyengo yosankha fodya, chaka chimene mng'ono wanga wakhanda anatisiya.

Tinkakhala kumwera kwa Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu. Mwanayo anatentha thupi mvula ili pachimake. Amayi anamubereka kuti akakwere galimoto ya ku Boma, koma anapeza mtsinje utasefukira, ndipo pamene madzi ankaphwera mwana anali atazizira kale kumsana kwawo. Chibwerereni kumanda amayi analeka kuyimba, analekanso kupita ku mapemphero a Lachinayi. Ankaswera m'chigafa, shedi yathu yoyanikiramo fodya, kusankha masamba osayankhula ndi munthu. Kuchitsime azimayi ankanong'onezana kuti akananyamuka dzulo lake mwana akanapulumuka, ndipo pamudzi mawu otere sachedwa kufika kwa mwini wake. Ndinkaopa kuti amayi anga aja sadzabweranso.

Chaka chomwecho kusukulu kunabwera aphunzitsi ochokera ku Dedza, aatali, a Chichewa chosalala chimene ife ana a Chitumbuka tinkachiyeserera kuseri. Tsiku lina anatituma kukafunsa kwathu kumene anthu oyamba anachokera. Mwana wa mkulu wa mpingo anabwera ndi nkhani ya dothi ndi mpweya wa Mulungu, nati zina zonse ndi zachikunja. Ine ndinabwera ndi za amalume, Mngoni wonyada ngakhale Chingoni chawo chinkathera pa moni, amene ankati anthu anatuluka m'bango. Aphunzitsi sanaseke aliyense. Anawonjezera za kwawo, kuti Chauta anatsika ndi anthu ndi nyama pa Kaphirintiwa thanthwe likadali lofewa, mapazi awo n'kutsalapo. Anatinso ngakhale ku China amasimba za mayi amene anaumba anthu ndi matope a mumtsinje.

Kenako anatiuza kuti titchere khutu ku zimene zikubwerezeka. Paliponse panali madzi ndi dothi, Mulungu akukhala pafupi ndi anthu. Ndipo pafupifupi paliponse imfa inkalowa chifukwa wina analakwitsa kapena anachedwa. “Anthu amenewa sanaonanepo,” anatero, “nanga bwanji onse akulira mofanana?” Sanatiyankhe. Ndakhala m'makalasi ambiri chiyambire, koma sindinaonenso mphunzitsi wolimba mtima chotero, wotumiza ana kwawo ndi funso m'malo mwa yankho. Ndimawasilira mpaka pano.

Koma mutu wa mwana umatola chimene wafuna. Mnzathu wina anali atasimba ya kwathu kuno, kuti Chiuta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, ndi buluzi kukanena kuti akafa afa basi, ndipo buluzi ndiye anayamba kufika. Ine ndinamva chinthu chimodzi chokha, kuti wopalamula wapezeka, ndipo si amayi anga. Nditauza amalume anavomera ndi mutu, nati iwo ali ana ankamuthira bilimankhwe fodya m'kamwa kuti alipire kuchedwa kwake. Anandipatsa kachitini kaja. “Kamupatse, mbwenu amve kuwawa nayenso.”

Ndinamupeza masana pa mtengo wa mango kuseri kwa chigafa. Ndinamugwetsa n'kumupanikiza ndi kamtengo, iye n'kuda bii, kukamwa yasa, diso limodzi lili pa ine, lina kumwamba. Ndikulimbana ndi chivundikiro chija amayi anatuluka, manja ali noninoni ndi utomoni wa fodya. Ndinawafotokozera zonse monyada, za m'bango, za ku China, za uthenga wochedwa, ndikuyembekeza kuti andiyamika.

Anakhala nthawi akumuyang'ana. Amayi ankaopa bilimankhwe ngati azimayi onse a pamudzipo, koma anandilanda kamtengo kaja n'kumutambasulira kuti akwerepo. Iye anatukula mwendo, kuubweza, kuutukulanso, monga mwa mayendedwe ake.

“Musiye, mwana wane,” anatero motsitsa mawu. “Iwe ukuganiza kuti sankafuna kufika?”

Anamuika pa nthambi yam'mwamba, n'kundiuza kuti ndikabweze kachitini kwa eni ake. Lachinayi lotsatira ndinawaona akusita bulawuzi yawo yoyera ya kumapemphero.

Ine ndinakwiya tsiku lonse, ndikuti amayi andiwonongera mlandu umene ndinaugwira ndi manja anga chifukwa cha chifundo pa kachirombo. Sindikanatha kudziwa pa msinkhu umenewo kuti masana aja, pansi pa mango, sanali bilimankhwe yekha amene amayi anamukhululukira.