Wophika Amene Anakana Kutaya Kefasi

Ngati mukuganiza kuti cholakwa chimodzi chatseka njira zanu zonse, khalani pansi mumve za Kefasi.

Mu Juni 1997, Kefasi anatuluka m'chitokosi cha apolisi pa Mchinji Boma atagonamo masabata awiri. Anali wa Fomu 3, wa zaka 17, ndipo anatuluka ndi yunifomu yomwe anagwidwa nayo, kolala itada bii. Panja anapeza bambo ake atagwira njinga yobwereka, sutikesi yake ya kusukulu atayimangirira pakaliyala. Sanamukalipire. Anangomupatsa kalata ya ahedi yomuchotsa sukulu, n'kunena kuti, "Tiye kunyumba."

Mlandu wake unali waukulu. Zaka zimenezo anyamata ambiri m'masekondale ogonera konko ankati demokalase yabwera, palibenso wowauza chochita. Tsiku lina masana, nyemba zitapezeka ndi anankafumbwe kachitatu sabata imodzi, anyamata a pasukulu ya Kefasi anayambitsa sitalaka. Anataya chakudya, anaswa magalasi a m'makalasi, n'kuthamangira kukhitchini atanyamula miyala.

Kefasi sanali mtsogoleri. Anali mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya kwa Kapondo, ndipo ali Fomu 1 anaona zakuda. Akuluakulu a Fomu 4 ankamugwaditsa pamiyala, kumukwapula ndi lamba, kumuchapitsa zovala zawo ndi kumulanda chakudya. Pofika Fomu 3 anali atatsimikiza mumtima kuti pasukulu umapulumuka anzako akamakuopa. Ndiye tsikulo, pofuna kuti amuone, anatola chidutswa cha njerwa n'kuchiponya pawindo la khitchini ndi mphamvu zake zonse.

M'katimo munali a Maliko, wophika wamkulu, amene anabwerera kukazimitsa moto anzawo onse atathawa. Njerwa ija inalowa ndi magalasi n'kuwaphulitsa diso lakumanzere.

Chimene chinkamudya Kefasi n'chakuti a Maliko omwewo ndi amene ankamusungira mbale ya chakudya kuseri kwa mulu wa nkhuni masiku amene ankalandidwa chake. Ndi iwonso, ali chigonere m'chipatala, amene anauza apolisi kuti sakufuna kuti mlandu wa mwanayo upite kukhoti.

Pa esiteti moyo unamuwawa. Bambo ake, amene anachoka ku Phalombe kudzasaka moyo m'minda ya eni, ankanyadira kuti pa matenanti onse ndi iwo okha ali ndi mwana kusekondale. Tsopano ankadutsa pagulu atazolika. Ana a pamalopo anamupatsa Kefasi dzina loti Sitalaka. Iye ankadzuka, kuthirira nazale ya fodya, kubwerera, kukhala kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya osayankhula ndi munthu. Makope ake mayi ake anawabisa m'thumba la feteleza poopa kuti angawatenthe.

Patapita miyezi isanu, wogulitsa usipa wa panjinga anabwera ndi uthenga: a Maliko akufuna kuonana ndi Kefasi kumudzi kwawo kwa Zulu.

"Sindingapite," anatero Kefasi. "Ndikawayang'ana bwanji?"

"Upita," anatero bambo ake. "Ndipo ndikuperekeza ndine."

Anawapeza a Maliko atakhala pakhonde atavala magalasi akuda. Ntchito anali atasiya, chifukwa utsi unkawapweteka pabala, komanso ndi diso limodzi ankathira madzi owira pambali pa mphika. Akazi awo, mayi Anasi, ataona mnyamatayo anayalira mphasa bambo ake okha, iye n'kumusiya chiimire.

Kefasi anagwada padothi. Mawu onse amene anakonza m'njira anamuthawa, anangoti, "Bambo, ndinalakwa," misozi n'kuyamba kutsika.

A Maliko anamusiya alire mpaka anatopa. Kenako anati, "Ndamva. Dzuka, ukhale apa. Ine ndakuitanira ziwiri. Choyamba, dimba langa lili kudambo uko ndipo chitsime sindikuchionanso bwino, ndagweramo kale kamodzi. Ndikufuna manja. Chachiwiri, ndaphikira ana a sukulu zaka makumi awiri, ndimamudziwa mwana wa mutu. Iwe uli nawo. Langa diso lapita, silibwerera. Koma sindikufuna kuti tsiku lomwelo litengenso mutu wakowo."

"Mwati mumusunge pakhomo pano?" anafunsa mayi Anasi. "Munthu amene wakupundulani?"

"Pano pomwe, mayi. Akakhala kwina adzangokhala munthu amene anandipundula basi."

Sukulu zitatsegulidwa mu Januwale, a Maliko anavala jekete n'kumutenga Kefasi kupita naye ku sekondale yoyendera ya pafupi. Ahedi a kumeneko atawerenga kalata yochotsedwera ija anapukusa mutu. Anati ali ndi ana mazana atatu oti awateteze, sangalandire woponya miyala.

A Maliko anavula magalasi aja n'kuwayang'ana. "Aphunzitsi, wovulazidwayo ndine, ndipo ndine ndamubweretsa. Akalakwa mudzandiitane."

Ahedi anatsegula kaundula n'kumulemba Fomu 3.

Kuyambira pamenepo tsiku la Kefasi linkayambira kudambo. Ankathirira anyezi, repu ndi tomato ndi makeni awiri, kusamba msangamsanga, n'kuyenda makilomita asanu ndi limodzi kupita kusukulu. Loweruka ankakweza madengu panjinga kukagulitsa pamsika wa pa Boma, kumene amayi a ku Chipata ankakonda anyezi wa a Maliko chifukwa sankaola msanga. Akabwerera, a Maliko ankamuuza kuti awawerengere mokweza zimene waphunzira sabata imeneyo. Za jogalafe ankazikonda, za masamu ankaodzera, koma Kefasi akasiya kuwerenga ankadzidzimuka n'kuti, "Pitiriza, ndikumva."

Kusukulu mbiri yake inali itafika kale. Tsiku lina pa nthawi yopuma, mnyamata wina wamkulu thupi anamukankhira pakhoma n'kumumenya khofi anthu akuona. "Taponya njerwa tione," anatero. Anzake anazungulira akudikira ndewu. Kefasi anamva thupi lonse kutentha, zibakera zitafumbatika zokha. Anapuma kawiri, katatu, anatola kope lake lomwe linagwa, n'kulowa m'kalasi. Anamuseka sabata yonse kuti ndi wamantha. Iye ankadziwa kuti akangobwezera, amene adzaitanidwe kuofesi ndi mkulu wa diso limodzi uja.

Mayi Anasi okha ndiwo sanasungunuke msanga. Chakudya ankamupatsa, koma osamuyankhula. Pomutchula kwa amuna awo ankangoti "mlendo wanuyo."

Mu 1999 Kefasi analemba mayeso a Fomu 4. Zotsatira zitatuluka, dzina lake panalibe. Anakhoza maphunziro ena, koma Chingelezi chinamugwetsa, ndipo popanda Chingelezi satifiketi sinkatuluka. Anabwerera kunyumba, analongedza zovala m'sutikesi, n'kuganiza zodutsa malire kukafuna ganyu m'mafamu a ku Zambia a Maliko asanabwere kuchokera kudimba. Sankafuna kuwaona akukhumudwa.

Pakhomo anakumana ndi mayi Anasi atasenza ndowa ya madzi. Anaitula pansi pang'onopang'ono.

"Ukupita kuti?"

"Ndalephera, mayi. Ndakudyerani chakudya zaka ziwiri pachabe."

"Ndiye amuna anga ataye diso, ine ndikuphikire zaka ziwiri, iwe uchoke chimanjamanja? Ayi. Pakhomo panga suchoka wopanda pepala limenelo. Bweza chikwamacho, Kefasi."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina. Sabata yomweyo anapita okha kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito wa kutchalitchi kwawo kukamupempha kuti azimuthandiza mnyamatayo Chingelezi, ndipo mwezi uliwonse ankapititsako dengu la ndiwo zamasamba.

Kefasi anabwereza Fomu 4. Analemba zimangirizo mpaka chala chinachita chikanga. Chaka chotsatira anakhoza bwino, Chingelezi chomwe. Tsiku la zotsatira a Maliko anapha tambala, ndipo mayi Anasi anauza mudzi wonse kuti mwana wawo wapambana, ngati kuti ndiwo anamufuna kuyambira pachiyambi.

Anapita kukoleji ya aphunzitsi, anaphunzitsa kupulayimale zaka zingapo, kenako anakawonjezera maphunziro n'kuyamba kuphunzitsa kusekondale. Mu 2006 anamutumiza kusukulu ina yogonera konko, yotchuka ndi ndewu, kumene aphunzitsi onse ankakana udindo woyang'anira mahositelo. Kefasi anaupempha yekha.

Sabata yoyamba anatulutsa m'mahositelo mipeni isanu ndi itatu ndi mulu wa malamba a galimoto okwapulira ana atsopano. Analengeza kuti kuzunza a Fomu 1 kwatha. Anyamata anamuyankha pomuboolera matayala a njinga ndi kumulembera zotukwana pachitseko. Iye anamata matayala, anapukuta chitseko, n'kupitiriza. Anayamba kudya m'holo limodzi ndi ophunzira, chakudya chomwecho. Anasankhitsa ana anayi oti aziyendera matumba a ufa ndi nyemba pamodzi ndi ophika, kuti dandaulo lizifika kuofesi lisanasanduke mkwiyo. Wa Fomu 4 aliyense anamupatsa wa Fomu 1 mmodzi woti amusamale ngati mng'ono wake. Wolakwa ankalangidwa ndithu, ndipo awiri amene anabaya mnzawo anawapereka yekha kupolisi. Koma ambiri ankakhala nawo pansi kaye n'kuwafunsa kuti, "Iweyo anakuzunza ndani?" Zinatenga zaka ziwiri, koma makolo amene ankachotsa ana awo pasukulupo anayamba kuwabweza.

Mu 2008 Kefasi anapeza mbeta, Millicent, namwino wa pachipatala chaching'ono cha mishoni. Apa panabuka vuto. Bambo ake a Kefasi anali atamwalira, mayi ake atabwerera ku Phalombe, ndipo amalume ake anali okalamba osatha kuyenda ulendo wautali. Akuchikazi anati popanda nkhoswe yodziwika, mwana wawo sangamupereke.

Tsiku lokumana mabanja, a Maliko anafika atavala jekete, mayi Anasi atawagwira dzanja, n'kukhala pampando wa akuchimuna. Amalume a Millicent anali atamva mbiri yonse, ndipo anafunsa mosabisa.

"Pepani bambo, tamva kuti mnyamatayu ndi amene anakuvulazani. Inu ndinu ndani wake kuti mumuimire?"

Kefasi anazolika.

"Mwamva zoona," anatero a Maliko. "Nkhani imeneyo tinakambirana kale ife awiri, inatha. Ndakhala naye zaka khumi, ndamuona atakwiya, ndamuona atalephera. Mwana wanuyo akadzalira chifukwa cha iyeyu, mudzabwere kwa ine. Ndi mwana wanga."

Amalume aja anayang'ana abale awo, kenako anatambasula dzanja. Mayi Anasi ndiwo anayamba kuimba nthungululu.

Inu amene mwachotsedwa sukulu, inu amene munapweteka munthu ndipo manyazi akukubisani m'nyumba, musadziweruze kuti mwatha. Pitani mukapepese. Landirani chilango, bwererani m'kalasi, ndipo mukalephera lembaninso. Inunso amene muli ndi mwana wolakwa pafupi, musafulumire kumutaya. Limbani mtima, nthawi yokonza ikadalipo.